Ndinagumula Khoma la Bambo Anga

Kwathu mukafunsa zomwe ndimaphunzira ku yunivesite, aliyense ali ndi yankho lake, ndipo palibe yankho lomwe limandisangalatsa. Amayi amati ndimaphunzira za nyumba, basi, n'kusintha nkhani. Achimwene anga aakulu, omwe timawatcha a Bwana chifukwa pagulu lililonse amafuna kukhala apampando, amati yunivesite ikuwononga desiki pophunzitsa munthu kusankha makatani. Ine ndinatopa n'kufotokoza. Maphunziro anga ndi okonza m'kati mwa nyumba: pomwe khoma liime, komwe chitseko chitsegukire, sinki italike bwanji, kuwala kulowere kuti, kuti munthu akalowa m'chipinda thupi lake lisamalimbane ndi chipindacho. Za makatani timaphunzira sabata imodzi pa zaka zinayi, ndipo sabata imeneyo ine ndinali ndi chimfine.

Chaka changa chachitatu chili pakati, bambo anadwala sitiroko. Anali dalaivala wa malole akuluakulu, zaka makumi atatu ali pamsewu, munthu woti akangokhosomola pageti tonse tinkakhala bwinobwino. Anatuluka m'chipatala mkono ndi mwendo wakumanzere zitafa, pakamwa patapotoka, ali pa njinga ya olumala. Mawu anali nawo, koma ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi woti akutha, moti tonse tinazolowera kuwamalizira. Akangoti, "Ndi... ndikufu..." wina wathamangira kale madzi, wina bulangeti.

Vuto lalikulu linali chimbudzi. Nyumba yathu anamanga ndi bambo, pang'onopang'ono, akabwera ku ulendo n'kuwonjezera mizere ingapo ya njerwa, ndipo anaimangira munthu wa miyendo iwiri. Kolido yake ndi yopapatiza. Chimbudzi chili kumapeto, moyang'anana ndi chipinda chawo chogona, khomo lake masentimita 68. Njinga ya bambo ndi masentimita 66, osawerengera dzanja la munthu. Choncho amayi ankawaimika pakhomo, kuwakoleka m'khosi mwawo, kuwakokera m'kati, kuwakhazika, kenaka n'kuima pomwepo atawagwira phewa mpaka amalize, bambo akuyang'ana kudenga. Patatha miyezi isanu ndi iwiri msana wa amayi unakana, ndipo tsiku lina m'mawa onse awiri anagwera pansi m'kolidomo.

Sabata yomweyo a Bwana anabwera n'kutikhazika pabalaza. Anayamba ndi kupepesa, monga amachitira akafuna kulamula.

"Amayi, simungapitirire chonchi, mudzatifera," anatero. "Kwathu kuli chipinda chachikulu, ndipo ndapeza kale munthu woti aziwanyamula bambo. Mwezi ukatha ndibwera ndi galimoto. Muno tiikemo anthu ena."

Kwa a Bwana ndi ulendo wa maola asanu. Kulibe anzawo a bambo, kulibe khonde loyang'ana kumsewu lomwe amakhalapo n'kumaweruza madalaivala odutsa. Kuli mpanda wautali ndi agalu awiri. Ndinayang'ana bambo. Dzanja lawo lamoyo linali litafinya chitsulo cha njinga mpaka mitsempha kutuluka, milomo ikunjenjemera kufunafuna mawu.

"Musavutike kulankhula, bambo, tamva," anatero a Bwana, akuwasisita bondo.

Apa m'pomwe ndinapsa mtima. "Mwamva chiyani, achimwene? Bambo siyawakanika nyumba yonse. Chawakanika n'chitseko chimodzi. Munthu angasamuke pakhomo pake chifukwa cha chitseko?"

"Iwe mzime, akuluakulu akamakambirana..."

"Ndipatseni mwezi womwewo. Mukadzapeza bambo akulowa okha m'chimbudzi n'kutuluka okha, amayi osawakhudza, galimoto yanuyo idzabwerere yopanda munthu."

A Bwana anaseka mpaka kupukuta m'maso. "Ndiye uwapachikira katani yamtundu wanji?" Koma amayi anali akundiyang'ana, ndipo a Bwana pamaso pa amayi amafuna kuoneka munthu wachilungamo. Anavomera, akudziwa mumtima kuti apambana.

Teremu imeneyo ku yunivesite tinali m'manja mwa mayi wina yemwe tonse tinkamutcha a Milimita. Akayang'ana pulani yako ali chapatali amakuuza kuti mzere uwu wapatuka ndi mamilimita awiri, iwe ukayeza n'kupezadi awiri. Ankayenda ndi buku lalikulu la miyeso, lodzaza zithunzi za anthu opanda nkhope, ena ataima, ena atakhala, ena ali panjinga, aliyense atazunguliridwa ndi manambala. Bukulo tinkaliopa ndipo tinkalikhulupirira. Limati munthu wa panjinga amafuna khomo la masentimita 90, bwalo la masentimita 150 loti azitembenukiramo, chitseko chotsegukira kunja, ndi chitsulo chogwirira pambali pa mpando wa chimbudzi.

Ntchito ya teremuyo inali yoti aliyense asankhe chipinda chenicheni n'kuchikonzanso papepala. Anzanga anasankha zonunkhira: wina polandirira alendo pa hotela, wina shopu ya nsapato, wina nyumba yokonzera tsitsi. Ine ndinakhoma pabolodi chimbudzi cha kwathu, ndipo kuyambira tsiku limenelo kalasi yonse inkanditcha a Zaukhondo. Ndinkayankha ndi mawu okweza, kuti adziwe kuti sizikundikhudza.

Nyumba yathu ndinaiyeza ngati ndikufuna kuigula. Tepi inalowa pakona paliponse. Ndinakwera kudenga ndi tochi, kukwawa pakati pa akangaude, mpaka ndinaona ndi maso anga kuti mitengo ya denga yatsamira pa makoma akunja, ndipo khoma lapakati pa chimbudzi ndi kachipinda kosungiramo katundu silinasenze kanthu. Ndinayeza njinga mulitali ndi mulifupi. Ndinayeza mawondo a bambo kuchoka pansi, chigongono chawo, phewa lawo, iwo akungondiyang'ana paliwombo. Kenaka ndinakhala mu situdiyo yathu yojambulira ku yunivesite masiku atatu n'kujambula pulani yoyera ngati mbale yotsuka kumene: khoma lachotsedwa, zipinda ziwiri zasanduka chimodzi, bwalo la 150 lakhala pakatikati, chitsulo chogwirira chili pomwe chili pa chithunzi cha m'buku. A Milimita anaiyeza mphindi khumi kufunafuna cholakwika, osachipeza, n'kulemba mamalikisi 84 pakona. Sanamwetulire, koma anatseka buku lawo mofatsa, ndipo kwa iwo kumeneko ndiye kuvina.

Mumzere mwathu muli mmisiri womanga, mnzawo wa bambo, yemwe timamutcha a Levulo chifukwa ngakhale kapu ya tiyi amaiyang'ana ngati yakhala mowongoka. Anabwera, anawerenga pulani, anagogoda khomalo ndi chala n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, khoma ili tinamanga ndi bambo akowa. Denga likatigwera udzati chiyani?"

"Siligwa. Kwerani mukaone nokha."

"Ine mawondo anga ndi a pansi pano."

"Ndiye ndipatseni hamalayo."

Woyamba kumenya khomalo ndinali ine. Pulasitala anathetheka, fumbi linadzaza kolido, amayi anathawira panja atagwira kumutu. Bambo anali pakhomo la chipinda chawo akuonerera, ndipo ndinawaopa kuwayang'ana kumaso. Ataona kuti denga silinagwedezeke, a Levulo anandilanda hamala, ati ndikugumula ngati wakuba.

Masabata atatu atatha, chipindacho chinali ndendende ngati papepala. Ndinachiyeza kawiri: 90 pakhomo, 150 pakati, chitseko chikutsegukira m'kolido. Ndinkayenda mokweza mapewa. Lamlungu, kutatsala masiku asanu ndi limodzi, a Bwana anatulukira osauza munthu, ati abwera kudzaona mmene ndawonongera nyumba. Ndinakondwa. Ndinati adziwiretu lero, asavutike kudzathira mafuta Loweruka.

"Bambo, tiyeni muwaonetse," ndinatero, n'kuilozetsa njinga kuchimbudzi.

Bambo anandiyang'ana, anatsegula pakamwa.

"Musaope, ndayeza zonse," ndinawadula.

Anakankha tayala ndi dzanja lawo lamanja. Njinga inakhotera kumanzere n'kugunda khoma. Anaiwongola ndi phazi lamoyo, kudzikoka kutsogolo, phazi likuterereka pasimenti. Anakankhanso, inakhoteranso kumanzere. Munthu wokankha tayala limodzi sangayende mowongoka, ndipo chinthu chimenechi, chomwe mwana aliyense wosewera ndi wilibala amachidziwa, ine wa 84 sindinachiganize. Atafika pachitseko anayenera kuchikokera kwa iwo, koma chitsekocho chinafuna malo omwe njinga inaima. Anabwerera, anachikoka, chinawamenya bondo. Analowa chopingasa, chala chinakhulika pafelemu mpaka kutuluka magazi. Atafika pampando anatambasula dzanja kufuna chogwirira. Chitsulo changa chokongolacho chinali kumanzere, mbali yakufa, pomwe chili pa chithunzi cha m'buku.

Anakhala pakati pa bwalo langa la 150, thukuta likutsika m'khosi, osatha kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Amayi anandikankhira pambali, n'kuwerama ndi msana wawo wowawawo.

A Bwana akanandiseka zikanakhala bwino. Koma anandigwira paphewa n'kunena mofatsa kuti, "Wayesetsa, mlongo wanga. Chipinda chakongola ndithu." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa manyaziwo, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire: achimwene, buku, kapena mwini wake wa tepi.

"Loweruka silinakwane," ndinatero.

"Makani akowa adzakupweteka."

"Adzandipweteka Loweruka likadutsa."

Lolemba sindinapite ku kalasi. Amayi atapita kumsika ndinatenga bokosi la choko, ndinachipera pa simenti ya pakhonde, n'kupaka fumbilo pa matayala onse a njinga. M'kolido ndi m'chimbudzi ndinayala mapepala akhaki omwe timakutira ma pulani, kuwamata ndi selotepi. Chitseko ndinachizula n'kuchigoneka panja. Kenaka ndinakhala pansi kutsogolo kwa bambo m'chipinda chawo, ndinapinda miyendo.

"Bambo, ndinakuyezani paliponse koma sindinakufunseni. Inuyo mukanalowa bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona kaye ngati ndikunena zoona. Milomo inayamba ntchito yake. "Lo... lo..." Lilime langa linayabwa. Mawu atatu anali atafika kale pakamwa panga okonzeka kuwathandiza, ndipo ndinadziluma tsaya kuti asatuluke. Ntchito imeneyi inandivuta kuposa kugumula khoma.

"Lole," anatero pomaliza. Anapuma. "Pothina... silowa... ndi mutu."

Ndinadikira.

"Rivesi."

Anandikodola kuti ndichoke panjira. Anaponda pansi ndi phazi lamanja n'kudzikankhira kumbuyo. Njinga inayenda. Phazi lomwe linkaterereka podzikoka linagwira pansi bwinobwino podzikankha, dzanja lili pa tayala kungowongolera ngati chiwongolero. Anatuluka m'chipinda chawo chambuyo, anakhotera m'kolido, anapita patsogolo pang'ono kuti atenge malo, kenaka anayamba kulowetsa kumbuyo kwa njinga pakhomo la chimbudzi, khosi litapotoka kuyang'ana paphewa. Nkhope yawo inali itasintha. Inali nkhope yomwe ndinkaiona ndili mwana, akamalowetsa lole ya matayala khumi ndi asanu ndi atatu pageti la kampani, alonda akuombera m'manja. Tayala lakumanzere linagunda kona ya khoma. Anatsonya, anapita kutsogolo, anabwereranso, linagundanso pomwepo.

"Kona... iyi," anatero, akuiloza ndi chibwano. "Chotsa."

Anakweza dzanja n'kuloza pakhoma la kolido, m'mwamba pang'ono, mbali yomwe khosi lawo silitembenukira. "Galasi."

"Galasi la kubafa?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "La... lole."

Tinabwereza ulendowo kasanu ndi kawiri, iwo akupuma pakati, ine ndikuwonjezera choko. Pomwe amayi ankabwera, pamapepala panali mizere yoyera yopindika ngati njira ya nkhono, ndipo mizere yonse isanu ndi iwiri inkadutsa malo amodzimodzi. Bwalo langa la 150 sanaligwiritse ntchito ngakhale kamodzi, chifukwa wolowa chambuyo safunika kutembenuka, amangofikira pambali pa mpando. Chomwe ankafuna chinali kudula masentimita 14 a pakona, sinki isunthire uko, chitsulo chibwere kumanja, ndi chitseko chosatenga malo a munthu.

A Levulo nditawauza anakhala pa chidebe n'kuvula chipewa. "Kona imeneyi ndaipaka pulasitala Lachinayi lapitali. Yawongoka ngati kandulo. Ukufuna ndiidule chopendekera? Anthu akadzaona adzati a Levulo anamanga ataledzera."

"Mudzati ndinakukakamizani ndine."

"Nanga pulani yako ya mamalikisi ija?"

"Inali yabodza."

"Ya sukulu yabodza, ya choko yoona?" Anayang'ana bambo kuti awathandize. Bambo anangoloza kona ija ndi chibwano. A Levulo anavala chipewa chawo, akung'ung'udza kuti nyumba ino amisala achuluka, n'kupita kukatenga tchizulo, chitsulo chawo chogobera khoma.

Lachisanu linali tsiku loonetsa ntchito yomaliza ya teremu. Aliyense amakhoma mapepala ake pabolodi, n'kuima pambali ngati woimbidwa mlandu, aphunzitsi n'kumamusenda pamaso pa anzake. Ndikanatha kukhoma pulani ya 84 ija, ndipo anzanga anandiuza kuti ndichite zomwezo, nditenge mamalikisi anga mwaulemu. Ine ndinakhoma yatsopano, ya kona yodulidwa, ndipo pambali pake ndinapachika pepala lakhaki lautali ngati chitseko, la fumbi la choko ndi chidindo cha phazi la bambo. M'situdiyo munamveka kuseka kwa pansipansi.

A Milimita anaima patsogolo pake, manja kumbuyo. "Bwalo lotembenukira lili kuti?"

"Mulibe. Malo ake ndaikapo sinki."

"Chitseko chotsegukira kunja?"

"Ndachotsa. Ichi n'chokankhira cham'mbali, chimayenda pa njanji."

"Ndipo ichi pakhomapa n'chiyani?"

"Galasi la lole."

Kalasi inaphulika. A Milimita anadikira kuti phokoso lithe. "Munali ndi pulani yolondola. Mwaiwononga dala. Kodi mukuganiza kuti anthu omwe analemba miyeso iyi anali opusa?"

"Ayi. Koma munthu wawoyo ali ndi manja awiri. Bambo anga ali ndi limodzi."

"Miyeso imaikidwa kuti chipinda chithandize aliyense. Mawa mukadzapatsidwa chipatala, mudzapaka choko odwala onse?"

"Chipatala ndidzatsata buku. Ichi si chipatala, ndi kwathu, ndipo yolondola ija tinaimanga. Inawang'amba chala bambo n'kuwasiya pakati pa chipinda akudikira mkazi wawo."

A Milimita anatulutsa rula yawo, anawerama pa pepala lakhaki, n'kuyamba kuyeza mizere ya choko umodziumodzi. Anayeza nthawi yaitali kuposa momwe anayezera pulani yoyamba ija. Ataweramuka, siketi yawo yakuda inali itayera kutsogolo.

"Ndikupatsani mpaka Lolemba," anatero. "Bwezeretsani bwalo ndi chitseko papepala. Kunyumba kwanu mangani zomwe mukufuna, koma papepala pakhale zovomerezeka."

"Sindijambula chipinda chomwe ndikudziwa kuti munthu wake sangalowemo."

"Ndiye ndilemba zomwe ndikuona."

"Lembani."

Analemba 46. Ine ndinamatula mapepala anga. Chinandiwawa, ndisaname. Chiyambire sukulu ndinali ndisanalepherepo phunziro, ndipo ndinalira pang'ono m'basi, nkhope nditalozetsa pawindo, mpukutu wa mapepala uli pakati pa miyendo. Nditatsika ndinadutsira kwa ogulitsa zitsulo zakale za magalimoto kukatenga galasi lomwe a Levulo anandipezera.

Loweruka a Bwana anafika dzuwa lisanatenthe. Chomwe chinandilasa mtima n'choti ndinapeza amayi atalongedza kale: masutikesi awiri, wailesi ya bambo, ndi mapilo omanga ndi chingwe, zonse zili pakhomo.

"Amayi, ngakhale inu?"

"Mwana wanga, ndisakunamize, ndatopa," anatero, osandiyang'ana. "Zikakanika lero ndisayambenso kulongedza anthu akudikira."

A Bwana ananyamula katunduyo n'kukaika m'galimoto asanalowe n'komwe m'nyumba. Atalowa anaona kona yodulidwa, simenti yake isanaume bwino, njanji ya chitseko, ndi galasi la lole litatuluka pakhoma ngati khutu. Anayang'ana wotchi.

"Tisawazunze bambo kawiri," anatero. "Tonse tinaona Lamlungu."

"Pangano ndi pangano, achimwene."

Nthawi ino njinga sindinaikhudze. Ndinangoti, "Bambo, msewu ndi wanu," n'kukaima kumayambiriro kwa kolido limodzi ndi amayi ndi a Bwana.

Bambo anatuluka m'chipinda chawo chambuyo. A Bwana anatsegula pakamwa, ndinawaponda phazi. Njinga inakhotera m'kolido, inapita patsogolo pang'ono, inaima. Bambo anakweza maso pagalasi, anatambasula dzanja n'kulipotoza pang'ono, monga amachitira dalaivala akalowa m'galimoto yomwe wina anayendetsa. Anayamba kubwerera. Pang'onopang'ono, phazi likukankha, dzanja likuwongola. Tayala lakumanzere linadutsa pomwe panali kona, koma lakumanja linakhula felemu, njinga n'kuima.

A Bwana anadumpha kuti akathandize. Ndinatambasula mkono n'kugwira khoma, kutseka kolido yonse.

"Choka, iwe! Sukuona kuti akanika?"

"Mukadutsa apa mudutsa pa ine."

"Ndiwe wamwano kwabasi. Ndi bambo anganso amenewa!"

"Ndiye aonereni."

Anandigwira mkono, ndinaumitsa. Ndine wamng'ono thupi, koma masabata anayi onyamula njerwa anali atandipatsa kanthu. Tili mkati molimbana choncho, amayi anati, "Tasiyani phokoso," ndipo tonse tinatembenuka. Bambo sankatimva n'komwe. Anali atapita kutsogolo pafupifupi chikhatho chimodzi, maso ali pagalasi, lilime lili pakona ya mlomo. Anakhotetsa pang'ono, anakankha, ndipo njinga inalowa yonse osakhudza mbali iliyonse. Tinaona mawondo akulowa, kenaka mapazi. Dzanja linatuluka, linagwira chitseko, linachikoka pa njanji yake mpaka chinatsekeka. Tinamva kachitsulo kotsekera kakuti kwatsa.

Tinamva chitsulo chogwirira chikulira polandira thupi la munthu, kupuma kwamphamvu, phazi likukhwekhwereza, kenaka chete. Amayi anali ataima manja ali m'mwamba pang'ono, ngati akugwira phewa la munthu yemwe palibe. Anawayang'ana manjawo, anawapukuta pachovala, anawapinda, anawamasulanso.

Mphindi zinadutsa. Zisanu, mwina zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkawerenga m'mutu zomangira zonse zomwe tinakhomera chitsulo chija, ndikudzifunsa ngati simenti inagwira. Ndinali nditakonza kuti loko azitha kutsegulidwa kunja ndi sipuni zikavuta, ndipo sipuniyo inali m'thumba mwanga, itanyowa ndi thukuta. Sindinaitulutse.

A Bwana analephera kupirira. Anandidutsa, ndipo ulendo uno ndinawalola. Anagogoda ndi chala chimodzi, mwaulemu, ngati pa ofesi ya munthu wamkulu.

"Bambo? Muli bwino m'menemo? Tilowe?"

A Bwana anagunditsa khutu pachitseko, ndipo ndinaona kuti nawonso milomo yauma. Ndiye mawu anabwera, olemera, amodziamodzi, koma omveka mpaka pabalaza.

"Katundu... wanga... akutani... m'galimoto?"

Amayi anakhala pansi pomwepo m'kolido, anaphimba kumaso ndi manja awiri, mapewa akugwedezeka, moti sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. A Bwana anaima chilili, makiyi ali m'manja, akuyang'ana chitseko. Sindinadikire kuti apeze chonena. Ndinawasolola makiyiwo m'dzanja, iwo osakaniza, n'kutuluka panja.

Ndikutsitsa sutikesi yachiwiri ndinamva madzi akukhuthuka m'paipi ya kuseri kwa nyumba. Bambo anagujumula okha.